Kodi Kusungira Ukalamba Ndi Umbombo?

M'dziko la Mfumu Dzoole, m'boma la Dowa, ndalama zimabwera kamodzi pa chaka, nthaŵi ya masika. Fodya apita ku okushoni ku Kanengo, mtedza ugulidwa pa Mponela, ndipo mlimi abwera kwao thumba likulemera. Asanapume n'komwe, abale afika: mlongo wake afuna fizi ya mwana, apongozi akudwala, mbale wina afuna malata. Mlimiyo akapatula ndalama zina nati, "Izi nza ukalamba wanga," anthu amutcha waumbombo. Kodi mlandu umenewu ngwoona?

Odandaulawo sanena zopanda pake. Makolo anati kupatsa ndi kuika. Kale nkhokwe ya nkhalamba inali mbumba yake. Amene analera ana a mlongo wake sankagona ndi njala atakalamba. Munthu womana abale ake adzisaukitsa yekha, pakuti ndalama sizitunga madzi, sizikumba manda.

Komabe nkhokwe ya chibale nayo imatha. Pa njala ya 2002 mabanja ambiri anasoŵa chakudya pa nthaŵi imodzi, nagulitsa ziŵeto zao pa mtengo wolira. Abale analipo, mtima wopatsa unalipo, koma chopatsa panalibe. Masiku ano ana ambiri ali ku Lilongwe kapena ku Joni, kumene ali ndi mavuto aoao. Chotero bambo amene amwaza zonse ali ndi mphamvu sanathandize ana ake. Wangowasungira katundu woti adzasenze iye akadzafooka.

Mlimi aliyense adziŵa kuti mbewu sadya. Ngakhale mlendo afike, chimanga cha mbewu sichipita kuchigayo, ndipo palibe amene anena kuti umenewo ndi umbombo. Ndalama za ukalamba nazo ndi mbewu. Boma linazindikira ichi: lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2011 linati pa K100 iliyonse ya malipiro wantchito asunge K5, ndipo womlemba ntchito aonjezepo K10. Mlimi alibe womlemba ntchito. Ayenera kudzilamula yekha, napatula gawo lake tsiku lomwelo walandira ndalama, asanaloŵe m'sitolo.

Kasungidwe kake nako kafuna nzeru. M'mwezi wa Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100, ndipo mitengo ya zinthu inakwera. Amene anakwirira ndalama m'chitini anazipeza zonse, koma sizinagule zimene zikanagula kale. Wanzeru agaŵa chuma chake: china agula mbuzi zoti ziswane, china abzala mitengo, china aika ku banki kapena ku banki mkhonde kuti chibale phindu. Saika zonse pamodzi, chifukwa mbuzi zimafa ndi matenda ndipo wokongola wina sabweza.

Nanga waumbombo ndani tsono? Ndiye amene abisa ndalama mwana wa mlongo wake ali kufa wopanda mankhwala. Koma amene akhala pansi ndi mkazi wake, napatula za chakudya, za kuthandiza abale ndi za ukalamba, nauza abalewo poyera pamene dzanja lake lilekezera, ameneyo sanamane munthu. Iye wachitira chifundo ana amene akanadzamsenza, ndipo pa ukalamba wake adzakhala nako kanthu kopatsa adzukulu.