Wotchi Ikakonzedwa, Imakhalabe Yomweyo?

Wotchi yakale yapamkono ikafika kwa mmisiri, galasi litasweka, dzimbiri litalowa m'kati, pamabuka funso lovuta kuposa la mtengo: akachotsa ichi n'kuikapo china, mwiniwake adzatengabe wotchi ya bambo ake? Plutarch analemba za ngalawa ya Theseus imene anthu a ku Athens ankaisunga, akumachotsa matabwa owola n'kuikapo atsopano, mpaka anzeru anayamba kutsutsana ngati inali yomweyo. Mlimi naye amalidziwa funsoli, pakuti khasu losinthidwa mpini katatu amalitchulabe khasu la agogo. Maganizo anga ndi akuti wotchi imadziwika ndi zinthu ziwiri, kuyenda kwake ndi mbiri yolembedwa pathupi pake, ndipo mmisiri wabwino amadzutsa choyambacho osafafaniza chachiwiricho.

Zam'kati zinapangidwa kuti zizitha. Mawotchi ambiri a m'ma 1950 amagunda maulendo 18,000 pa ola, ndiye kuti kasanu pa sekondi, usana ndi usiku. Mafuta amauma, sipuling'i imatopa, ndipo timiyala 17 ta rubi timene opanga ankaikamo kuti zitsulo zisadyane ndi umboni woti ankayembekezera kuperepeseka. Choncho kusintha sipuling'i ndi kupitiriza cholinga cha wopanga. Ena amati chinthu chakale chisakhudzidwe, chifukwa kuchikhudza n'kuchinamiza. Koma mu 1920 Rupert Gould anapeza mawotchi apanyanja a John Harrison ku Greenwich atadyeka ndi dzimbiri, ndipo anagwira ntchito mpaka 1933 kuti onse ayendenso. Akanawalemekeza powasiya, dzimbiri likanamaliza ntchito yake. Wosiya chinthu kuti chiwole wasankhanso, ndipo wasankha kuti chife.

Ena amapita mbali ina: ngati tikukonza, bwanji osaipukuta iwale ngati yatsopano? Vuto n'lakuti kupala chipsera ndi kuchotsa chitsulo, ndipo chitsulo chochoka sichibwerera; nkhope yopentedwanso ndi ntchito ya munthu wina yonamizira kukhala ya wopanga. Mu 2017 wotchi ya Rolex ya Paul Newman inagulitsidwa ku New York pa madola 17.8 miliyoni, ili ndi mawu amene mkazi wake Joanne Woodward anazokotetsa kumbuyo kwake. Wina anganene kuti zimenezo n'zamasewera a anthu olemera, ndipo sakunama kwenikweni. Komabe mtengowo unangoulula chimene banja lililonse limadziwa, kuti chimene timasunga ndi dzanja limene linavala.

Mfundoyi ili ndi malire. Mpaka cha m'ma 1960 manambala ndi mivi zinkapakidwa radium kuti ziziwala mumdima, ndipo utoto umenewu ukayamba kuyoyoka ndi woopsa kuupuma. Pamenepo moyo uyenera kupambana mbiri. Kupatula apo, muyezo ndi umodzi: sinthani chimene chikuletsa wotchi kuyenda, siyani chimene chikusonyeza kumene yadutsa. Mdzukulu akadzaiika pakhutu aimve ikugunda, akaitembenuza apeze chipsera cha agogo ake chili pomwepo.