Madzi a Fish Lamb

M'caka ca 2011 anaonetsa pa wailesi ya kanema sewero lochedwa Cloudstreet, locokera m'buku la Tim Winton la 1991. Likamba za mabanja awiri osauka, a Lamb ndi a Pickles, okhala m'nyumba imodzi muno mu Perth. Mnyamata wa a Lamb, dzina lace Fish, anamira atakodwa mu ukonde; amace anamtsitsimutsa, koma nzeru zace sizinabwerere. Kuyambira pamenepo madzi sacoka m'seweromo. Fish akaona mtsinje wa Swan, mtima wace ulakalaka kulowamo; mkulu wace Quick, amene anali naye usiku uja, ayang'ana madzi nadziimba mlandu.

Tsono tifunsane: kodi munthu ndiye tsoka limene linamgwera? Ifenso m'mahositela muno tiitanana ndi zipsera, uyu "wa cala", uyo "wa botolo". Opanga sewero tiwamvetsa, pakuti nthawi yao ndi yocepa, ndipo madziwo atithandiza kuona mitima ya anyamatawo. Koma ife tigona cipinda cimodzi ndi munthuyo caka cathunthu, ndipo dzina la mudzi wace sitinamfunse.