Kodi Nkoyenera Kumchitira Chisoni Wochimwa?

Abale, funso limeneli latifikira ndi njira yachilendo, ndiyo ya chitoliro chimene Azungu amachitcha clarinet. Chinayamba kupangidwa ku Nuremberg, m'dziko la Germany, cha m'ma 1700. Pakamwa pake pali kabango kamodzi konjenjemera, ndipo zambiri amazisema ndi mtengo wa phingo, womwewo womera m'tchire la ku Mozambique ndi ku Tanzania. Mawu ake anga a munthu wolankhula motsitsa.

Dante, mlembi wa ku Italy amene anamwalira mu 1321, analemba buku la ulendo wa ku gehena. M'menemo akomana ndi mkazi dzina lake Francesca, amene anachita chigololo ndi Paolo, mbale wa mwamuna wake. Ndipo mwamunayo atawapeza anawapha onse awiri. Chilango chawo ndicho kuuluzika ndi namondwe wosaleka. Mkaziyo atatha kusimba mbiri yake, Dante anakomoka ndi chisoni, angakhale ndiye mwini anamuika kumaloko.

Mu 1876 Tchaikovsky wa ku Russia anaisandutsa nkhaniyi nyimbo yopanda mawu. Poyamba zoimbira zonse zibuma pamodzi, malipenga ndi azeze ndi ng'oma. Ameneyo ndiye namondwe uja. Tsono ziyamba kutonthola, chitoliro chija chitsala chokha, nichiyamba kudandaula pang'onopang'ono. Apo ndiye Francesca alikulankhula.

Ena a ife adzati, Wopeka uyu walakwa, wapaka uchi pa tchimo. Mawu amenewa sitiwapeputsa iyayi. Pakuti m'buku muja mkaziyo savomera kulakwa kwake. Anenera chikondi, aneneranso buku limene analikuwerenga awiriwo tsiku lija. Ndipo tikamvera chitolirocho timuiwala msanga mwamuna wolakwiridwayo. Munthu wamng'ono angathe kutuluka m'nyumba yoimbiramo alikusirira chimene anayenera kuchiopa.

Komatu tiyeni tidziyese. Pamene mkazi aimitsidwa pa Mgonero m'mudzi mwathu, mlandu wake timaudziwa tonse, kufikira ana a pachitsime. Nanga ndani wa ife anakhala pansi kumva umo anagwera? Ife tikonda kukhala namondwe, pakuti m'khamu mulibe manyazi. Kumumvera munthu sikumuyesa wosalakwa. Dante anamva zonse, nagwa pansi, koma mkaziyo sanamchotse m'chilango. Ambuye wathu, m'mutu 8 wa Yohane, analinda kufikira omneneza onse atachoka, nalankhula ndi mkazi uja ali yekha, ndipo anamuuza kuti asachimwenso. Koma mkaziyo anali ndi moyo, khomo la kulapa lili chitsegukire. Kwa Francesca linali litatsekeka kale, ndipo tiganiza kuti chimenechi ndicho chinamgwetsa Dante.

Nayenso Tchaikovsky sanammasule. Zoimbira zina zilandira nyimbo ya chitoliro nizikuza kufikira ikoma koposa. Pamenepo malipenga aidula, namondwe abweranso monga poyamba, ndipo mawu a mkaziyo amira m'phokoso.