Bokosi la mfuti ya amalume

Amalume atamwalira, tinapeza bokosi pansi pa sutikesi yao ku Matero. M'kati munali mfuti yam'manja, CZ 75 yopangidwa ku Czechoslovakia, kabuku kake, ndi layisensi yopindidwa bwinobwino. Anaigula kale pamene anali ndi sitolo. Palibe wa ife amene anaimvapo ikulira.

Amalume analibe ana, conco acibale anasankha amai kuti ayang'anire katundu wao. Panthawiyo tinali ndi ngongole ya renti ya miyezi itatu, ndipo mlongo wanga anali kufuna fizi ya kukoleji. Funso m'nyumba linali limodzi: ni zingati?

Mnzao wa amalume, amene anali msilikali, anandikhazika pansi. Anati, “Mwana wanga, odziwa amasuzumira mumpope kuona ngati muli dzimbiri, amaonanso ngati utoto unafufutika. Imene sinaombedwe kwambiri ndiyo yodula. Bokosi nalo limakweza mtengo, malinga nambala yolembedwa pamenepo ifanane ndi ya pacitsulo.”

Za bokosi ndinamva msanga. Aliyense wogula foni ku Katondo Street adziwa kuti foni ya m'bokosi lake imadula, cifukwa bokosilo limacitira umboni kuti sinatsompholedwe m'thumba la munthu m'minibasi. Cimene cinandidabwitsa ndi cinaco. Khasu lakutha timalilemekeza cifukwa linadyetsa banja. Koma mfuti imatamandidwa cifukwa sinagwire nchito imene anaipangira.

Patapita masiku awiri panabwera mwamuna wina amene sitinamuitane. Nkhani m'komboni imayenda yokha. Anachula ndalama zowirikiza kawiri zimene msilikali uja anayerekeza, keshi, tsiku lomwelo. Ndinamuonetsa bokosi monyadira. Iye anaseka. “Manje iwe mwaice, bokosi na mapepa sunga. Ine nifuna cabe nsimbi.”

Usiku umenewo sindinagone. N'cifukwa ciani wogula wina alipirira bokosi, pamene wina alipira kwambiri kuti bokosi litsale? Ndinafika poona kuti bokosi lija ndilo dzina la mfuti. Limanena kumene inacokera ndi amene adzayankhe ikalira. Munthu uja sanali kugula citsulo cokha. Anali kugula mfuti yopanda mwini, ndipo ndalama zoonjezerazo zinali malipiro anga akuti ndisafunse.

Ndinadziuza kuti ine sindidzaomba munthu, cimo lidzakhala lake. Mwina n'zoona. Koma mfuti yotero siyenda ulendo wautali. Imathera pa kabuthu ka mobile money, pamene mtsikana wa msinkhu wa mlongo wanga amawerenga ndalama madzulo. Mtengo weniweni ukanalipidwa ndi iye, amene sanakhale nawo pokambirana.

Sindinena kuti umphawi ndi nkhani yaing'ono. Landilodi salandira cikumbumtima coyera m'malo mwa renti. Koma ndinaphunzira kuti pofunsa kuti cinthu ni zingati, pafunikanso kufunsa kuti adzalipira ndani, ndipo adzalipira ndi ciani.

M'mawa mwake ine ndi amai tinanyamula bokosi lonse kupita nalo kupolisi, kuti mfuti isungidwe mpaka atapezeka wogula wa layisensi. Ndalama zake zidzakhala zocepa, ndipo zidzacedwa. Pobwerera amai sanalankhule mpaka titatsika basi. Kenaka anati, “Tiye tikapemphe alandilodi atidikireko mwezi wina.”