Kodi Kompyuta Imakondera?

Amayi anzathu mwa Ambuye, m'misonkhano yathu kuno ku Nsaru, Kabudula ndi Namitete pamabwera funso ili: kodi makina a kompyuta amene akulowa m'sukulu adzakweza ana onse, kapena okhawo amene ali kale patsogolo?

M'chaka cha 2013, pa sukulu ya pulayimale ya Biwi mumzinda wa Lilongwe, mabungwe a VSO ndi onebillion adapatsa ana aang'ono timakompyuta ta m'manja, totchedwa matabuleti, kuti aziphunzirapo masamu m'Chichewa, mphindi 30 pa tsiku kwa masabata 8. Ofufuza a ku yunivesite ya Nottingham adapeza kuti masamu a anawo adakwera, ndipo pambuyo pake adaonanso kuti atsikana amapindula chimodzimodzi ndi anyamata. Mu 2023 boma lidayamba ndondomeko ya BEFIT, yofuna kufikitsa matabuleti oyendera mphamvu ya dzuwa m'sukulu zake zonse za pulayimale.

Choncho makinawa sayang'ana nkhope. Nanga kukondera kumalowera pati?

Ife amene tidagwirapo ntchito ya unamwino tikudziwa kuti mankhwala amodzimodzi amachiza wina, wina osamuchiza, chifukwa winayo amamwa modumphadumpha. Tabuleti imakhala kusukulu, ndipo imathandiza mwana yekhayo amene wafika. Mtsikana amene tamutuma kumjigo ndi kuchigayo, amene tamusiyira khanda kuti alere ife tili kudimba, mphindi zake 30 zimamudutsa. Mwana wamasiye amene akusoka fodya pa ganyu, anzake ali m'kalasi, nayenso zimamudutsa. Pakutha pa chaka timati, "Uyu mutu wake sugwira." Kodi amene wamuchedwetsa si ife tomwe?

Kalata ya Yakobo, mutu 2, imatichenjeza za tsankho. Timaganiza kuti tsankho ndi la anthu akuluakulu okha, koma limayambira pakhomo, pamene tikugawa ntchito za m'mamawa. Boma likhoza kugawa makina mofanana, koma nthawi ya mwana timagawa ndife.

Tsono amayi, mnyamata nayenso atunge madzi ndi kutsuka mbale. Poyendera odwala m'midzi, tifunsenso ngati pakhomopo pali mwana amene akujomba kusukulu, ndi chifukwa chake. Tilowe m'makomiti a sukulu, tikafunse aphunzitsi kuti ndi ana ati amene akutsalira. M'mera mpoyamba.

Ambuye atithandize kukonda ana onse mofanana.