KODI KUTHAMANGITSA GALIMOTO NDI TCHIMO?

Aphunzitsi okondedwa mwa Ambuye, phunziro la lamulo lachisanu ndi chimodzi, loletsa kupha, ambiri timaliyesa lopepuka. Timafotokozera ana za Kaini ndi Abele, iwo nagwedeza mitu, pakuti palibe mwa iwo amene alingalira zopha munthu. Koma Sande Sukulu ikatha, ana omwewo amatuluka, ena kutsikira ku Limbe, ena kuyenda m'mbali mwa msewu wa Midima kumka cha ku Bangwe, ena kukakwera minibasi yodzera msewu wa Masauko Chipembere. Kumeneko moyo wawo uli m'manja mwa anthu ogwira chiwongolero, ndipo ambiri a anthu ameneŵa ndi Akhristu anzathu. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu okwana 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndiponso kuti ngozi zapamsewu ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 kufikira 29. Tsono musanaime pamaso pa ana, yambani mwaliganizira nokha funso ili: munthu wothamangitsa galimoto, amene sanagunde munthu aliyense, kodi wachimwa?

Ambiri adzayankha kuti ayi. Adzati tchimo ndi kuba, chigololo, kuledzera. Koma liŵiro ndi nkhani ya apolisi a pamsewu, ndipo likakugwetsa m'manja mwawo ulipira chindapusa basi, nkhani yatha. Ngakhale mawu amene timagwiritsa ntchito amatithandiza kuthaŵa mlandu. Timati "ngozi", monga ngati chinthucho chagwa chokha kuchokera kumwamba ngati mphenzi. Pamaliro timati linali tsiku lake. Ena amafika ponena kuti pamalo pakutipakuti pali anthu okhwima ofuna magazi, chikhalirecho malowo ndi pamtsetse wokhota pamene aliyense amadutsa ataponda moto.

Chilamulo cha Mose chinasiyanitsa zinthu izi mosamala koposa ife. Ŵerengani Deuteronomo 19:4-6. Munthu wapita ndi mnzake kuthengo kukadula mitengo, nkhwangwa yaguluka mumpini, yapha mnzakeyo. Ameneyu sanayenere kufa, ndipo anampatsa mudzi wothaŵirako. Iyi ndiyo ngozi yeniyeni, ndipo dalaivala wosamala amene zotere zamgwera tiyenera kumtonthoza, osamuloza chala. Kenaka ŵerengani Eksodo 21:28-29. Ng'ombe ikagunda munthu ndi kumupha, mwini wake alibe mlandu. Koma ngati ng'ombeyo inali yogunda kale, mwini wake anachenjezedwa, iye osaitsekera, mlandu wa imfa uli pa iye. Taonani kuti mwini ng'ombeyu sanada munthu wophedwayo, mwinanso sanali kumdziŵa nkomwe. Chomtsutsa nchakuti anadziŵa kuopsa kwa chiŵeto chake nachilekerera. Kodi dalaivala amene waona chikwangwani cholembedwa 50 poloŵa pamsika wa m'mbali mwa msewu, iye nadutsa pa 90, afanana ndi uti mwa aŵiriŵa?

Palinso lamulo lina lalifupi, pa Deuteronomo 22:8, limene ndikupemphani mulisinkhesinkhe kwambiri. Nyumba za Aisraele zinali ndi denga lafulati, ndipo anthu ankakhala pamwamba pake madzulo. Womanga nyumba yatsopano analamulidwa kumanga kampanda kuzungulira dengalo, kuti munthu angagwe, mwazi wake nukhala pa nyumbayo. Lamuloli limgwira munthu asanagwe wina aliyense. Akasiya kumanga kampandako walakwa kale, ngakhale papite zaka makumi aŵiri popanda wogwa. Kusagwa kwa anthu kwangokhala mwaŵi wake, sikunamlungamitse. Nchifukwa chake mawu aja timawamva kaŵirikaŵiri, akuti ndayendetsa chotere zaka zambiri ndipo sindinagundepo ngakhale nkhuku, sayankha funso lathu.

Makolo athu m'chikhulupiriro anamva lamuloli motero. Katekisma wa Heidelberg wa chaka cha 1563, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chimodzi, aletsanso munthu kudziika dala pangozi. Katekisma Wamfupi wa Westminster wa 1647 aphunzitsa kuti lamuloli litifunsa kuyesetsa m'njira zonse zololeka kusunga moyo wathu ndi wa anzathu. Pa nthaŵiyo galimoto kunalibe, koma chiphunzitsocho chikwanira bwino lomwe pa msewu wa Zomba.

Tsono tione chimene liŵiro limachita, pakuti munthu sangaŵeruze bwino chinthu chimene sachidziŵa. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa mamita 14 pa sekondi imodzi. Yoyenda 80 imadutsa mamita 22. Dalaivala wamaso akaona mwana atatulukira kuseri kwa minibasi yoima, pamapita pafupifupi sekondi yathunthu asanaponde mabuleki, ndipo pa sekondi imeneyo galimoto imapitabe ndi liŵiro lake lonse. Pa tala wouma, mabuleki ali abwino, ya 50 ija idzaima itayenda mamita ngati 28. Ya 80 idzafuna mamita ngati 57. Pamalo pamene yoyambayo yaima, mwana ali chilili ndi mantha koma wamoyo, yachiŵiriyo ikhala ikuyendabe liŵiro loposa 70. Mvula ikagwa, kapena matayala akakhala akutha monga ambiri amene timawaona mu Limbe, mitunda imeneyi imatalika.

Chovuta nchakuti mphamvu yogunda sikula mofanana ndi liŵiro. Liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mphamvuyo imaŵirikiza kanayi. Kugunda chipupa pa 50 kuli ngati kugwa kuchokera pa msinkhu wa mamita 10, ndipo pa 100 kuli ngati kugwa kuchokera pa mamita pafupifupi 40. Mose anafuna kampanda pa denga la nyumba ya kumudzi. Nanga akadanena chiyani za ife amene tinyamula ana athu pa denga lalitali chotere tsiku ndi tsiku? A WHO aŵerengera kuti munthu woyenda pansi akagundidwa pa 65 m'malo mwa 50, kuopsa koti afe kumakula kanayi ndi theka. Kaamba ka ichi maiko amene anasonkhana ku Stockholm mu February 2020 anagwirizana kulimbikitsa liŵiro la 30 pamalo pamene galimoto zisakanikirana ndi anthu apansi ndi apanjinga.

Ndipo timagula chiyani ndi mtengo waukulu chotere? Kuchokera ku Limbe kukafika ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 60. Woyenda 80 njira yonse atenga mphindi 45. Woyenda 100 atenga mphindi 36. Wapindula mphindi 9, zosakwanira nkuphika nsima komwe. Pakati pa Limbe ndi Blantyre phindu lake ndi mphindi imodzi kapena ziŵiri, zimene adzazitayanso pamzere wa pa Ginnery Corner, pafupi ndi chipata cha chipatala cha Queen Elizabeth kumene amanyamulira ovulalawo. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Komabe tisaŵeruze mofulumira ifenso, pakuti pali zonena zina zofunika kuzimva. Alipo othamanga chifukwa cha chifundo: ambulansi, kapena mnansi amene wanyamula mayi wodwala pakati pa usiku. Lamulo la dziko liwapatsa mpata a ambulansi, ndipo cholinga chawo ndi chomwecho cha lamulo la Mulungu, ndicho kusunga moyo. Koma ngakhale pamenepa kumbukirani mlezi wa Mefiboseti pa 2 Samueli 4:4. Itafika mbiri ya imfa ya Sauli ndi Yonatani, mayiyu ananyamula mwana wa zaka zisanu kuti ampulumutse. M'kufulumira kwake mwanayo anagwa, nakhala wopunduka miyendo moyo wake wonse. Mtima unali wabwino, koma mapazi a Mefiboseti sanachire nawo mtima wabwinowo.

Nkhani yolemera koposa ndi ya dalaivala wa minibasi ndi mnyamata wa kabaza. Ambiri a iwo mwini galimoto amawaikira ndalama yoti abwere nayo madzulo, ndipo chawo ndi chotsalapo atagula mafuta. Akayenda pang'onopang'ono mnzawo awapitirira nakatola anthu onse pa siteji ya kutsogolo. Munthu wotere akathamanga, kumbuyo kwake kuli lendi ndi ana ofuna chakudya. Sindinena kuti alibe mlandu, pakuti phazi loponda moto ndi lake. Koma m'nkhani ya ng'ombe ija, Chilamulo chinafunsa mwini wake. Ngati mkulu wa mpingo kapena mayi wa Mvano ali ndi minibasi, naika ndalama imene adziŵa kuti singapezeke popanda kuthamanga ndi kudzaza anthu mopyola muyeso, chopereka chake cha pa Sabata chachokera m'ndalama imeneyo. Ichi nchoŵaŵa kuchinena, ndipo sindikukutumani kukachinena kwa ana. Koma mphunzitsi achidziŵe, kuti angasenzetse mlandu wonse pa wosauka yekha.

Nanga ife okwera? Ndife amene timang'ung'udza kuti adalaivala aŵa ngoyenda ngati akupita kumaliro. Ndife amene timatama wina kuti uyu ndiye katswiri, ku Lilongwe amafika msanga. Mlonda wa pa nsanja ya ku Yezreeli anamzindikira Yehu ali patali chifukwa cha kuyendetsa galeta kwake kwaukali (2 Mafumu 9:20), ndipo anyamata ambiri afuna mbiri yonga imeneyo chifukwa amamva ife akulu tikuitama. Pamene ena a ife tiona kuti liŵiro lanyanya, timangokhala chete kuopa kusekedwa, kapena kuuzidwa kuti tikagule yathu. Mbeŵa ya manyazi inafera kuuna. Madalaivala amaphethirirana nyali kuchenjezana kuti kutsogolo kuli apolisi ndi makina awo oyeza liŵiro, ndipo amayesa chimenechi chikondi cha pa abale. Sindinamvepo kuti pali chizindikiro chotere chochenjezana kuti kutsogolo kuli ana ochokera kusukulu.

Kuzemba malamulo a liŵiro nkwakale ngati galimoto yomwe. Mu January 1896 ku Kent, m'dziko la England, Walter Arnold anagwidwa akuyendetsa mamailosi 8 pa ola pamalo pololedwa 2, ndipo wapolisi anachita kumthamangitsa pa njinga yakapalasa. Ana adzaseka mukawauza. Koma chaka chomwecho, mu August, mayi wina dzina lake Bridget Driscoll anagundidwa ndi galimoto ku London nafa. Kuno kwathu lamulo la zapamsewu la 1997 lilipo, ndipo Aroma 13 atiphunzitsa kumvera olamulira chifukwa cha chikumbumtima, osati chifukwa cha kuopa chilango chokha. Mkhristu wopereka kangachepe kwa wapolisi kuti amleke waonjeza tchimo lachiŵiri pa loyamba.

Tifike tsono pa mawu aja akuti linali tsiku lake, chifukwa kwa ife Apresibiteriyani ndi msampha weniweni. Timakhulupirira kuti masiku athu ali m'dzanja la Mulungu, ndipo nzoona. Mawu ameneŵa amatonthoza mayi wofedwa, ndipo musamlande. Koma akatuluka m'kamwa mwa munthu wogwira chiwongolero asanduka chinthu china. Satana anamuika Ambuye Yesu pamwamba pa Kachisi namuuza adziponye pansi, popeza angelo adzamgwira. Anatchula ngakhale Malembo. Ambuye anakana, nati kutero nkuyesa Mulungu (Mateyu 4:5-7). Basi isananyamuke pa Wenela kaŵirikaŵiri munthu amaimirira napempherera ulendo, ndipo nchinthu chokoma. Koma tikati Amen, dalaivala nayamba kupitirira anzake pokhota pa msewu wa Zalewa, ife tili chete, pemphero lija taliyesa chithumwa. Nehemiya pomanga linga anapemphera, naikanso alonda usana ndi usiku (Nehemiya 4:9). Mulungu amene anaika mapeto anaikanso njira zofikira mapetowo, ndipo mabuleki, chikwangwani ndi nzeru za dalaivala zili m'gulu la njirazo.

Tiyang'anenso maulendo athu a mpingo. Kwaya yachedwa kunyamuka, ndiye tiuza dalaivala achite changu kuti tikapeze mapemphero asanayambe. Pa ukwati, galimoto zichoka kutchalitchi zili mdipiti, mahutala ali pokopoko, achinyamata atatulutsa matupi m'mazenera. Lole ya kumaliro idzaza anthu mpaka ena akhala pa mpendero. Ana a Sande Sukulu amaona zonsezi, ndipo amaphunzira msanga ndi maso kuposa ndi makutu.

Chitsanzo chimene ndikadakonda muŵasiyire ana ndi cha Yakobo pa Genesis 33:13-14. Atayanjana ndi Esau, mkulu wakeyo anati ayendere limodzi. Esau anali ndi amuna 400, anthu amphamvu. Yakobo anapempha kuti mkulu wake atsogole, popeza ana anali anthete ndipo zoŵeta zinali zoyamwitsa. Zikathamangitsidwa tsiku limodzi lokha zikadafa. Iye anasankha kuyenda monga mwa mayendedwe a ana ndi a zoŵeta. Yakobo mwini akadatha kuyenda msanga, koma anayesa ulendo wake ndi mapazi a wofooka wa onse. Pa misewu yathu wofookayo ndi mwana wa sitandade 1, gogo wosenza mtolo wa nkhuni, ndi bambo wokankha njinga ya makala pa chitunda.

Ana anu sayendetsa galimoto, koma ena mwa anyamata a m'kalasi yaikulu adzakhala pa njinga yamoto zisanathe zaka zisanu, ndipo onse ali ndi atate, amalume kapena achimwene oyendetsa. Samalani kuti mwana wa dalaivala asachite manyazi pakati pa anzake, ndipo ngati m'kalasi muli amene anataya mbale wake pamsewu, mulankhule naye padera phunziro lisanayambe. Sabata lachitatu la November ndilo tsiku limene bungwe la United Nations linavomereza mu 2005 kuti likhale lokumbukira ofera pamsewu, choncho mungapemphe abusa ndi akulu a mpingo kuti phunziroli ligwe pa tsikulo. Bwerani ndi chingwe chimene mwachiyeza kale, mutuluke nawo ana pabwalo la tchalitchi. Ikani mwala poyambira, wina pa mamita 28, wina pa mamita 57. Mwana mmodzi aime pa mwala wapakati, ena onse ayende mpaka pa mwala wotsiriza, atembenuke, ayang'ane pamene mnzawo waima. Mukatero bwererani m'kalasi mutsegule Deuteronomo 22.