Kamkwiyo Kochita Kuweta

Olankhula Chingerezi, makamaka a ku America, ali ndi mawu akuti pet peeve. Amanena kanthu kakang'ono kamene kamamupsetsa mtima munthu mmodzi pamene anzake sakukalabadira n'komwe, monga wina kutafuna pakamwa pali yasa, kusiya chitseko chosatseka kapena kukuwa pafoni m'basi. A ku Britain amakonda kunena kuti pet hate. Mawuwa anafala kwambiri chifukwa cha zithunzi zoseketsa za Frank King zimene zinkatuluka m'nyuzipepala ya Chicago Tribune kuyambira 1916 mpaka 1920, zosonyeza timakhalidwe totopetsa ta tsiku ndi tsiku.

Liwu loti peeve linachokera ku peevish, kutanthauza munthu wa mtima wapachala. Koma nkhani yagona pa liwu loyambalo, chifukwa pet ndi chiweto chapamtima, galu kapena mphaka wogona m'nyumba. Wonena mawuwa ndiye kuti akuvomera kuti mkwiyowo ndi wakewake, amaudyetsa yekha, ndipo mwina amaukonda. N'chifukwa chake amanenedwa moseka, ndipo sagwira pa zinthu zazikulu. Kuba, nkhanza kapena ziphuphu palibe amazitcha pet peeve, pakuti zimenezo n'zoipa kwa aliyense.

Kuvomera kumeneku kukugwirizana ndi zimene ankaphunzitsa Epictetus, kapolo amene anadzakhala mphunzitsi wa nzeru zakuya: chimene chimasautsa munthu kwenikweni ndi mmene iye waonera chinthu, osati chinthucho. Komabe kudziwa zimenezi sikuchiritsa aliyense. Arthur Schopenhauer, katakwe wa ku Germany, anasindikiza nkhani yathunthu mu 1851 yodandaula za phokoso, makamaka kulira kwa zikwapu za oyendetsa ngolo m'misewu, ati kunkamudula maganizo. Iye sanavomere kuti vutolo linali lake. Anafika ponena kuti anthu opirira phokoso ndi anthu osaganiza kwenikweni, ndipo apa m'pamene kamkwiyo koweta kamayambira kudzitcha choonadi.

Zinthu zimaipiratu mwini mkwiyo akakhala ndi mphamvu. M'buku lake lonena za mkwiyo, mlembi wakale wotchedwa Seneca anafotokoza za Vedius Pollio, mpondamatiki wa ku Rome, amene kapolo wake anaswa chikho cha mtengo wapatali alendo ali pa chakudya. Pollio analamula kuti mnyamatayo aponyedwe m'dziwe la mikunga yolusa imene ankaweta. Kapoloyo anathawira pa mapazi a mfumu Augustus, yemwe anali mlendo tsikulo, osati kupempha moyo koma imfa ina yosakhala yodyedwa ndi nsomba. Augustus anamupulumutsa, n'kulamula kuti zikho zonse za mtunduwo m'nyumbamo ziswedwe pamaso pake, ndipo dziwelo likwiriridwe.